Kwa achemwali amene bambo akupita ku DRC dzinja lili pafupi

Achemwali, mwati bambo akunyumba akunyamuka kupita ku DRC, mukutsala ndi ana atatu pa lendi kufupi ndi mtsinje wa Likangala ku Zomba, nde mukufunsa kuti mukonzeke bwanji mvula isanayambe. Ndikuyankheni ngati mkazi mnzanu wa msilikali.

Zoti akanakhalapo bwenzi zinthu zili bwino, zichotseni mmutu. Olo akanakhala pa baraki ya Cobbe pompa, tsiku loti madzi asefukira iwowo ndi amene amayamba kuitanidwa. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 asilikali anali kalikiliki kufukula anthu mmatope ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe uko, kumakomo kunatsala azimayi ndi ana basi. Nde pulani yanu ikhale yoti mutha kuiyendetsa nokha pakati pausiku magetsi atazima.

Nkhani yaikulu ndi ndalama, apa musachite manyazi ayi. Asananyamuke mukhale pansi awiri mugwirizane kuti salale ikalowa inu muzitapa bwanji, khadi ya ku banki itsala ndi ndani, lendi ndi fizi zizichokera pati. Alipo azibambo amapita ndi khadi mthumba nkumati ndizikutumizira, chonsecho kumene aliko foni siigwira tsiku lililonse, inu kuno denga lasasuka mwana akutentha thupi, muziyembekezera ndani? Pa Mpamba kapena Airtel Money pazikhala kangachepe, komanso ina ya pamanja mubise mnyumba chifukwa magetsi akasowa masiku angapo netiweki imavuta ndipo ma ejenti amatseka. Mukukumbukira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 mdima wake unali wotani.

Akusiyireninso nambala ya munthu wa ku yuniti kwawo woti mutha kumuimbira zikavuta, ndi service number yawo, mulembe pa pepala osangodalira foni.

Ma ID, timabuku takuchipatala ta ana, setifiketi ya ukwati, mapepala a sukulu, zonse mu jumbo ziwiri mumange bwinobwino muike mkachikwama kamodzi pamodzi ndi tochi, pawabanki ndi mankhwala ngati alipo amene amamwa tsiku ndi tsiku. Kachikwamako kapachikidwe pa msomali pafupi ndi chitseko, osati pansi pa bedi pomwe madzi amayambira kufika. Ufa ndi makala zikhale pamwamba. Madzi akumwa mu zigubu, WaterGuard ndi Thanzi ORS musasowe, madzi akasefukira zimbudzi zimagwa ndipo kolera sachedwa.

Tsono za Likangala. Mtsinje umeneuja umatha kudzadza ndi mvula yoti yagwa kumtunda, inu kwanuko kukungowaza. Pezani lero lomwe kothawira kokwera, kaya kwa achibale kaya ku tchalitchi kapena pa sukulu, muyende njirayo masana ndi ana aidziwe, wamkuluyo adziwe kuti wobereka kamng'ono ndi ndani. A zanyengo kapena a DoDMA, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi aja, akachenjeza pa wailesi, chokani kukadali kowala. Ambiri amachedwa chifukwa choopa kuti akuba atenga sofa ndi TV, ine ndimati atenge.

Ndipo lowani mmagulu a azimayi anzanu a ku baraki, ena amati kumachuluka miseche, eya kulipo, koma ndi omwewo amene angakusungireni ana inu mutathamangira ku chipatala cha Central ndi wodwala. Muwauzenso a landilodi akonze ngalande ya kuseri kwa nyumba mwezi uno, akazengereza lembani aganyu mudzadule pa lendi.