Pulofesa wa m'nthano yanu achotsereni cholembera chofiira kaye

Achemwali, mwati nthano yanu yaitali ya mtsikana wa pa yunivesite ndi pulofesa wake yakanirira pa mutu wa 8, ndipo omwe mwawapatsa kuti ayiwerenge akuti bamboyo akuoneka ngati chidyamakanda osati wachikondi. Mwafunsa chomwe chalakwika ndi momwe mungachikonzere. Gwero lake nthawi zambiri ndi limodzi: cholembera chofiira chili m'manja mwa mwamunayo. Ndiye akuchonga mayeso, ndiye adzalemba kalata yomuchitira umboni mtsikanayo akamakasaka ntchito. Wowerenga amadzifunsa mumtima kuti, mtsikanayu atakana angataye chiyani? Yankho likakhala lakuti digiri yake, ndiye kuti "inde" wake palibe amene amukhulupirire, ngakhale mutalemba mawu okoma bwanji.

Yambani ndi zaka. Ngati mtsikanayo ali ndi zaka 19 bamboyo 45, mwadzikumbira dzenje nokha. Mukwezeni afike pa 24 mpaka 28, akhale amene anayamba wagwirako ntchito kenako n'kubwerera kusukulu, kapena amene akuchita digiri yachiwiri. Mwamunayo mutsitseni akhale pakati pa 32 ndi 38. Koma dziwani kuti pa msinkhu umenewu ambiri amakhala asanafike pa upulofesa weniweni, amakhala malekichala omwe ntchito yawo sinakhazikike. Zimenezi zikukomerani, chifukwa munthu wotere ali ndi chotaya.

Kenako fufuzani malamulo a sukulu yomwe mwaikamo nkhaniyo, ngakhale ikhale yopeka. Mawu akuti "choletsedwa" asangokhala pachikuto. Yunivesite ya Yale inaletsa aphunzitsi kukhala pa chibwenzi ndi wophunzira aliyense wa digiri yoyamba mu 2010, Harvard inachita chimodzimodzi mu 2015, ndipo Oxford inakhwimitsa lamulo lake mu 2023. Masukulu ena saletseratu, koma amafuna kuti mphunzitsiyo akaulule kwa mkulu wa dipatimenti, kenako ntchito yochonga ndi kuyang'anira wophunzirayo ipatsidwe kwa wina. Sankhani njira imodzi mwa ziwirizi ndipo wowerenga ayidziwe mutu wa 3 usanathe. Ndani amalandira dandaulo? Komiti yake imakhala anthu otani? Chilango chake ndi chenjezo, kuimitsidwa kapena kuchotsedwa ntchito? Olemba ambiri amadumpha zimenezi poganiza kuti n'zosasangalatsa, komatu mantha onse a m'nkhaniyo amachokera pomwepa.

Pa kutalika, mabuku a mtundu uwu ambiri amakhala ndi mawu pakati pa 60,000 ndi 80,000. Mutu uliwonse ukakhala wa mawu pafupifupi 2,500, mupeza mitu 24 mpaka 32. Semesita imodzi ndi milungu 14 kapena 15, ndipo imeneyi ndiyo wotchi yanu. Mitu isanu yoyambirira akumane. Chenjererani apa: ndi bwino akumane asanadziwe kuti wina ndi mphunzitsi wa mnzake, kuti chikoka chiyambe ali anthu ofanana, kenako adzadzidzimuke tsiku loyamba la kalasi. Njira imeneyi yagwiritsidwa ntchito kwambiri, inde, koma yakhalitsa chifukwa imachotsa fungo lakuti bamboyo anachita kusankha mwana m'kalasi ngati wosankha mbuzi m'khola.

Gawo lapakati, mitu ya 6 mpaka 18, ndi lomwe mwakanirirapo. Ndikuganiza kuti mwawafulumizitsa. Akapsompsonana pa mutu wa 7, mitu yotsalayo mudzazamo chiyani? Mphamvu ya nkhani ngati iyi ili pa kudziletsa. Apatseni ntchito yowakakamiza kukhala limodzi, monga kafukufuku kapena kukonzekera msonkhano wa ophunzira, ndipo azitsutsana pa zinthu zenizeni za phunzirolo. Mtsikanayo azimupambana bamboyo nthawi zina. Onetsani tizinthu ting'onoting'ono: chitseko cha ofisi chomwe bamboyo amachisiya dala chotsegula, uthenga womwe walemba n'kuufufuta katatu, mayeso a mtsikanayo omwe wapempha mnzake kuti achonge popanda kunena chifukwa. Chomalizachi chimagwira ntchito kuposa masamba khumi ofotokoza maso ake. Ndipo woyamba kutulutsa mawu akhale mtsikanayo, woyamba kukana akhale mwamunayo. Mukatembenuza, chidyamakanda chija chabwerera.

Lembani mosinthana, mutu uwu m'maso mwa mtsikana, wotsatira m'maso mwa mwamuna. Popanda kulowa m'mutu mwa bamboyo, wowerenga sangadziwe ngati akulimbana ndi chikumbumtima kapena akungotchera msampha.

Pampondachimera pafike cha pa mutu wa 20 mpaka 22, pamene nkhani yaululika. Cholakwika chomwe chimapha mabuku ambiri chili pano: mtsikanayo ndiye amalipira zonse. Anzake akumunena kuti malikisi ake anachita kugula ndi thupi, wasiya sukulu, pomwe bamboyo akungoyenda ndi nkhope yachisoni koma malipiro akulandirabe. Wowerenga sakhululuka zimenezo. Mtengo waukulu ugwere amene anali ndi mphamvu. Akadziulule yekha asanagwidwe, atule pansi udindo, kapena asamukire ku sukulu ina yotsika. Miseche ya anzake a mtsikanayo musayichotse, chifukwa ndi yoona, ndipo mnzake amene akudandaula kuti panalibe chilungamo pa kachongedwe musamusandutse mfiti. Ali ndi mfundo. Nthano imakoma pamene wotsutsa akunena zomveka.

Zina zoti mupewe ndizinena mwachidule. Bamboyo asakhale ndi mbiri yochita zomwezi ndi ophunzira ena. Asagwiritse ntchito malikisi pokopa kapena polanga, ngakhale mwanthabwala. Mawu akuti "ndiwe wokhwima nzeru kuposa msinkhu wako" asatuluke pakamwa pake, chifukwa owerenga ambiri amawadziwa kuti ndi nyambo. Ngati mwamupatsa mkazi kunyumba, dziwani kuti mwasenza mitolo iwiri, ndipo buku loyamba silichedwa kuthyoka msana.

Pa mathero, okonda nthano zachikondi amayembekezera kuti awiriwo akhale limodzi, apo ayi amaona ngati mwawabera. Koma pakati pa kuululika ndi kubwererana ikanipo nthawi, miyezi 6 kapena chaka chathunthu, mtsikanayo amalize maphunziro ndi malikisi ochongedwa ndi anthu ena, apeze pogwira pakepake. Akadzakumananso asamutchulenso kuti "Pulofesa". Ngati mwasunga dzina lake loyamba osalitulutsa pakamwa pa mtsikanayo m'mitu yonse ija, apa ndi pomwe muligwiritse ntchito. Bwererani ku mutu wa 7, muone amene anayamba kugwira dzanja la mnzake ndi amene anali ndi mapepala a mayeso m'chikwama tsiku limenelo, mukonze kuyambira pamenepo.