Ndikadina linki ya imelo, bwanji Gmail yanga sitseguka?

Funso, lochokera kwa aphunzitsi ena a ku Chilenje: Amisiri, ndili ndi laputopu ya Windows 11 imene ndinagula kwa munthu. Imelo yanga ndi ya Gmail, ndimaitsegula mu Chrome ndipo sinandivutepo. Koma ndikalowa pa webusaiti n'kudina pamene alemba kuti tilembereni, pamatuluka Outlook n'kuyamba kundifunsa akaunti ndi pasiwedi. Nthawi zina sipachitika kanthu n'komwe. Kodi yalowa vayilasi?

Yankho: Aphunzitsi, mtima pansi. Si vayilasi, ndipo laputopu yanu ili bwinobwino. Yambani mwachita izi: ikani mausi pamwamba pa linkiyo osadina, muyang'ane pansi kumanzere kwa sikirini. Linki wamba imayamba ndi https, koma iyi muona kuti yayamba ndi mailto: kenako adiresi ya munthuyo. Linki ya mtundu umenewu sikufikitsani pa tsamba lililonse, ndiponso payokha siyitumiza kalata. Ntchito yake ndi imodzi basi. Chrome imatenga adiresiyo n'kuipereka kwa Windows, ngati munthu wofika pakhomo ndi kapepala n'kufunsa kuti, amalemba makalata ndani panyumba pano? Windows imayang'ana m'kaundula wake, imapeza kuti analembedwapo ndi Outlook, pulogalamu ya imelo ya Microsoft, ndiye imaitana Outlook. Gmail yanu mulibemo m'kaundulamo chifukwa si pulogalamu yoikidwa mu laputopu, ndi tsamba limene mumatsegula mu Chrome. Pakakhala kuti amene analembedwa m'kaundula sakutha kugwira ntchitoyo, ndi pamene mumadina n'kungokhala zii.

Mwambo umenewu ndi wakalekale. Mailto inalowa m'malamulo a ma adiresi a pa intaneti mu 1994, chaka chomwe kampani ya Zamnet inayamba kubweretsa intaneti kuno ku Zambia kuchokera pa yunivesite ya UNZA. Nthawi imeneyo ambiri a imelo anali ndi pulogalamu yawo mu kompyuta, monga Eudora kapena Pegasus Mail. Hotmail inadzabwera mu 1996, Yahoo Mail mu 1997, Gmail mu 2004. Ambirife mu Lusaka muno imelo tinaiphunzirira m'makefe a intaneti a m'tauni, tikulipira mphindi, ndipo sitinakonzepo Outlook chibadwire. Linkiyo inapangidwira anthu a machitidwe ena, ife tinaipeza ili choncho.

Njira yachidule, imene imagwira pa kompyuta iliyonse ngakhale ya eni, ndi iyi. Dinani linkiyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Copy email address. Pitani ku Gmail, dinani Compose, mumate adiresiyo pa To. Kungoti linki zina zimabwera ndi mutu wa kalata wolembedweratu, monga nambala ya ntchito imene mukufunsira, ndipo mukakopera adiresi yokha mutuwo umatsala. Muziwerenga mzere wa pansi pa sikirini uja mpaka kumapeto. Mukaona mawu akuti subject, zimene zatsatira mulembe nokha pa mutu.

Koma poti laputopuyo ndi yanu, konzani kamodzi muiwale. Pali mbali ziwiri, ndipo anthu ambiri amachita yoyamba yokha n'kubwera kudzandiuza kuti zakana. Tsegulani Gmail mu Chrome. Kumapeto kwa bokosi la adiresi, kumanja, pamakhala kachizindikiro ka timadayamondi tiwiri tolowana. N'kakang'ono ndipo n'kotuwa, munthu ukhoza kukhala nako chaka osakaona. Dinani pamenepo, musankhe Allow, kenako Done. Ngati palibe, lembani chrome://settings/handlers mu bokosi lomwelo. Muonetsetse kuti mawebusaiti ndi ololedwa kupempha, ndipo ngati mail.google.com ili pa gulu la okanizidwa muichotsepo, mutsegulenso Gmail. Mbali yachiwiri ndi ya Windows: Settings, Apps, Default apps, mulembe MAILTO mu bokosi lofufuzira, muchotse Outlook muike Google Chrome. Mukatero ngakhale adiresi za mu Word kapena mu PDF zizitsegula Gmail. A Firefox apite ku Settings, pa General, atsike mpaka Applications, asinthe pa mzere wa mailto.

Izi musazichite pa kompyuta ya mu sitafu rumu kapena ya pa kefe. Komanso ngati mwalowetsa ma akaunti awiri mu Chrome, ya sukulu ndi yanuyanu, muziyang'ana adiresi imene kalata ikuchokera musanatumize.

Mwanena kuti laputopu munagula kwa munthu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ndinaona zopweteka. Mtsikana wina wa ku Mtendere, wongomaliza kumene maphunziro a unamwino, anabwera pa benchi yanga ndi laputopu yogula kwa munthu, mabatani ena atafufutika zilembo. Ankadandaula za batire. Tili mkati mocheza anati anafunsira ntchito masabata atatu apitawo koma sanamuyankhe. Ndinamupempha kuti andionetse kalatayo mu Sent ya Gmail yake. Munalibe. Anati anadina linki pa webusaiti ya bungwelo, panatseguka polembera, analemba, anaikamo CV, anadina Send, polemberapo panatsekeka. Nditatsegula Outlook ndinapeza akaunti ya mwini wake wakale, ya kampani imene anasiya kalekale, pasiwedi itasinthidwa. Kalata ya mtsikanayo inali phee mu Outbox, mokhala makalata amene sananyamuke, pambali pake pali kanambala 1. Tsiku lotseka linali litadutsa. Anakhala chete kwa nthawi, kenako anangofunsa ngati pali njira yobwezera deti. Panalibe. Kuyambira pamenepo laputopu iliyonse yakale ikafika m'manja mwanga, ndimayamba ndatsegula Outlook kuona ngati muli akaunti ya munthu wina, ngakhale mwini wake wabwerera za fani. Inunso aphunzitsi, tsegulani yanuyo muone, ndipo kalata iliyonse yofunika muzikaipeza mu Sent ya Gmail musanagone.

Funso, lochokera kwa mnyamata wa ku Matero: Akulu, ine pa Tecno yanga linki zimenezi zimatseguka bwino. Koma anthu amati sanandiyankhe chifukwa sanazindikire dzina, ena amati anayankha koma ine sindinaone.

Yankho: Mphwanga, pa foni zambiri za Android Gmail imabwera ili kale ngati pulogalamu, n'chifukwa chake linki imatseguka msanga. Vuto lako ndikuliganizira apa: tsiku limene unagula foniyo, wogulitsa anakutsegulira akaunti ya Google mwachangu kuti Play Store igwire, n'kuipatsa dzina la manambala limene iwe sunalisunge. Imelo yako yeniyeni umaitsegula kwina, mwina mu Chrome kapena mu Opera Mini. Ukadina linki, kalata imachoka pa akaunti ya wogulitsa ija, ndipo mayankho amapitanso komweko. Polemba, yang'ana mzere wa From. Pali kamuvi kumapeto kwake. Ukakadina uona ma akaunti onse ali mu foni. Ngati yako mulibe, ilowetse mu Gmail pa Add another account, imalola ngakhale ya Yahoo ndi ya Outlook. Ukatero tsegulanso akaunti ya manambala ija, mwina mayankho ako akudikira mmenemo. A iPhone, kuyambira pa iOS 14 ya mu 2020, akhoza kusankha mu Settings kuti Gmail ndiyo izitsegula linki zotere m'malo mwa Mail.

Funso, lochokera kwa amayi a bizinesi ya makatani ku Kamwala: Mwana wa mlongo wanga anatikonzera webusaiti. Anaikapo kachithunzi ka envelopu kokongola, koma miyezi ikutha osalandira kalata. Anati adiresi sitingailembe poyera chifukwa tidzadzaziridwa makalata achabechabe.

Yankho: Amayi, mwanayo sananame. Alipodi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti kutola ma adiresi. Koma envelopuyo siibisa kanthu kwa iwowo, chifukwa amawerenga zolembedwa kuseri kwa tsamba, kumene adiresi ili poyera. Amene mwawabisira ndi makasitomala. Taganizani za wogula zinthu wa pa loji ina amene akufuna makatani a zipinda 20. Wakhala pa kompyuta ya mu ofesi, imelo yake ili mu Chrome, wadina envelopu, kwatuluka Outlook yofunsa pasiwedi. Ameneyo sakhala pansi kufufuza za mailto. Atseka, apita kwa anzanu a shopu yoyandikana nanu.

Muuzeni mwanayo alembe adiresi yonse ndi zilembo zooneka, ndipo linki ikhale pa zilembo zomwezo. Amene kompyuta yake ndi yokonzeka adina, amene si yokonzeka akopera, wina aijambula ndi foni. Asailembe ngati chithunzi, chifukwa chithunzi sichikopereka, ndipo munthu akamalemba pamanja amasokoneza ziro ndi o, wani ndi l. Asabisenso mailto pansi pa mawu akuti Contact, pamene munthu akuyembekeza tsamba lokhala ndi nambala ya foni ndi mayendedwe ofikira pa shopu. Ngati akufuna mutu wolembedweratu aike ?subject= kumapeto kwa adiresi mu linkiyo, kenako mutuwo, ndipo pa mpata uliwonse pakati pa mawu aike %20. Za makalata achabechabe, Gmail ndi anzake amasefa ambiri okha, ndipo kwa ine kufufuta makalata asanu opanda pake m'mawa n'kopepuka kusiyana ndi kutaya oda imodzi ya loji.

Fomu yolembera pa webusaiti pomwepo imathandizanso, popeza siyidalira pulogalamu iliyonse ya kasitomala. Koma fomu imafa mwakachetechete: imathokoza wolemba, kalata osafika kulikonse. Mukaiika, muzidzilembera nokha kamodzi pa mwezi kuona ngati ikufika, ndipo adiresi ikhalebe pambali pake. Ndipo poti tili mu Lusaka, kumene kasitomala amafuna kutumiza chithunzi cha windo lake asanafunse mtengo, ikaniponso linki ya WhatsApp. Imalembedwa wa.me/ kenako nambala yanu kuyambira ndi 260, mutachotsa ziro woyamba uja, popanda chizindikiro cha pulasi kapena mipata. Zonse zikatha, musayesere pa laputopu ya mwanayo, chifukwa yake ndi yokonzeka kale. Bwerekani kompyuta ya mnzanu wa shopu ina ndi foni ya wantchito wanu, mudine nokha muone zimene kasitomala amaona.