Mbendera yakale pa kapepala kotsatsa malonda: mlandu ndi wa ndani?

Mchemwali wina wa ku Randburg, ku Johannesburg, walemba kuti pa kapepala ka malonda a Heritage Day (tsiku lokondwerera zikhalidwe) anaikapo mbendera yakale ya South Africa, ya nthawi ya ulamuliro wa tsankho, yomwe anaitola pa intaneti osaidziwa, ndipo bwana akuti mlanduwo ndi wa mchemwaliyo yekha.

Achemwali, bwanayo akungofuna kusamba m'manja. Kapepala sikafika kwa kasitomala kasanadutse kwa amene amavomereza ndi kulipira osindikiza. Mbendera ya lalanje, yoyera ndi buluu ija inauluka kuyambira 1928 mpaka 1994, ndipo mu Ogasiti 2019 Woweruza Phineas Mojapelo anagamula konkuno ku Johannesburg kuti kuionetsa popanda chifukwa chomveka ndi kufalitsa chidani. Khoti la apilo la Supreme Court of Appeal linavomereza chigamulocho mu 2023. Mmalawi wofika ku Joni dzana lino tingamumvetse. Kampani yobadwira kuno, ayi.

Ndipo mawu oti "zinachitika mwangozi" ine amanditopetsa. Pa 9 Novembala 2022, KFC ya ku Germany inatumiza uthenga pa mafoni woitana anthu kudya nkhuku ya tchizi pokumbukira Kristallnacht, usiku wa mu 1938 umene masunagoge a Ayuda anawotchedwa. Uthengawo unachokera pa kalendala ya kompyuta, palibe munthu anauwerenga. Imeneyo si ngozi, ndi kuumira ndalama yolipira wowerenga. Mu 2024 Adidas inaletsa nambala 44 pa jezi ya Germany chifukwa kalembedwe kake kankafanana ndi chizindikiro cha SS, gulu la asilikali a Hitler. Kuno tikukumbukira sitolo ya zovala ya H&M ya ku Sandton City itasakazidwa mu Januwale 2018 chifukwa cha juzi yonena za nyani yomwe anaveka mwana wakuda, kenako sitolo ya Clicks ndi TRESemmé, ya mankhwala a tsitsi, mu Seputembala 2020 atatcha tsitsi la anthu akuda louma ndi lowonongeka. Kupatula za KFC, zonsezi zinadutsa m'maso mwa anthu angapo olandira malipiro abwino.

Komabe tisamatenthe chilichonse chokhota. Swastika ya pakhomo la Mhindu ku Lenasia nthawi ya chikondwerero cha Diwali ndi chizindikiro cha mwayi, chakale kwambiri kuposa Hitler. Zoyenera kuopa pa malonda ndi 88 ndi 14, manambala amene otsatira Hitler ndi atsankho amagwiritsa ntchito, ndi ma 7 atatu opota a AWB, gulu la azungu atsankho la kuno, makamaka pa mitengo ndi makodi a promoshoni.

Zochita

Kampani ichotse mapepala onse lero, pa Facebook ndi pa WhatsApp pomwe, ipepese m'dzina lake osatchula lanu, ndipo pakhale anthu awiri owona chithunzi chilichonse chisanasindikizidwe. Inu sungani imelo kapena uthenga umene bwana anavomereza kapepalako, ndipo musasaine chikalata chovomera mlandu musanachiwerenge modekha. Akakuchotsani ntchito, muli ndi masiku 30 opita ku CCMA, bungwe loweruza madandaulo a pantchito, ndi fomu 7.11, ndipo kukhala mlendo m'dziko muno sikukuchotserani ufulu umenewo.