Funsani Dokotala: Kodi diso la bambo lidzaonanso bwino pambuyo pa opaleshoni ya retina?

Funso: Adokotala, bambo anga a zaka 58 anachitidwa opaleshoni ya diso ku Blantyre masiku 10 apitawa chifukwa retina inamatuka. Anawaika mpweya m'diso. Mpaka pano akungoona chimbuuzi, ndipo akufuna kubwerera kwathu ku Dedza. Kodi pali njira yodziwiratu ngati diso lidzaonanso? (Mayi wa ku Dedza)

Yankho: Mayi, chimbuuzi cha pa masiku 10 sichikutiuza kanthu. Diso lodzaza mpweya silingaone bwino. Mpweya wa mtundu wotchedwa SF6 umatha pa milungu pafupifupi 2, wa mtundu wa C3F8 umatenga milungu 6 mpaka 8. Ukamachepa, bambo aziona mzere wogwedera umene uzitsika tsiku ndi tsiku.

Chimene mufunse dokotala amene anawachita opaleshoni ndi ichi: kodi macula inali itamatuka, ndipo kwa masiku angati? Retina ndi kachikopa kopyapyala koyala mkati kumbuyo kwa diso, ndipo macula ndi kachigawo kake ka pakati kamene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Ngati macula inali isanamatuke, ambiri amaona ngati kale. Ngati inamatuka, maselo olandira kuwala amakhala atasiyana ndi gwero la chakudya chawo ndipo amayamba kufa. Amene wathandizidwa m'masiku 3 oyambirira amachira bwino kuposa amene anadikira mwezi. Retina imatha kumatika bwinobwino koma diso osabwerera mwakale, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amaganiza kuti opaleshoni yalephereka.

Poyeza, tchati cha zilembo chimathandiza: amene ankawerengako mizere ingapo asanachitidwe opaleshoni ali ndi mwayi kuposa amene ankangoona dzanja likugwedezeka. Timawalitsanso tochi m'diso lina kenako linalo. Kamwanadiso ka diso lodwala kakamakula m'malo mochepa tochi ikafikapo, retina kapena mtsempha wa diso wawonongeka kwambiri. Presha ya diso iyenera kukhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg.

Koma chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi sikani ya OCT, imene imajambula retina m'magawomagawo. Mpweya ukachoka pa macula timayang'ana timizere tiwiri ta maselo olandira kuwala. Tikakhala tosaduka, kuona kumapitirira kusintha. Tikaduka pakati penipeni, kuwerenga kumavuta ngakhale ndi magalasi. OCT imaonetsanso madzi otsalira pansi pa retina, amene amatha kutenga miyezi kuti aume, komanso kutupa kwa macula kumene kumachizika. Musagamule miyezi 3 mpaka 6 isanathe, ndipo ena amasinthabe mpaka chaka. Pa msinkhu wa bambo, ng'ala imabwera kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni ya mkati mwa diso. Imeneyo imachotsedwa, si kumatukanso kwa retina ayi.

Za ulendo, musananyamuke mufunse kaye kuchipatala. Mpweya wa m'diso umafufuma munthu akamakwera kumtunda, ndipo presha imakwera. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Dedza boma ili pa 1,600, ndipo msewu umatsikira kaye ku Zalewa usanayambe kukwera kudzera ku Ntcheu. Diso likayamba kupweteka kwambiri ndi kuda panjira, imani, mutsike kumunsi n'kupeza chipatala. Ndege asakwere mpaka mpweya utatha, ndipo akafunika opaleshoni ina iliyonse yogonetsa, anene kuti ali ndi mpweya m'diso, chifukwa mpweya wogonetsa wotchedwa nitrous oxide umaufufumitsa moopsa.

Kunyumba agone mmene anauzidwira, chafufumimba kapena chammbali, kuti mpweya uzitsendereza pamene panang'ambika. Akaona mdima ngati katani ukubwera kuchokera m'mbali, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zipsera zimatha kukoka retina n'kuimatulanso, makamaka m'miyezi 3 yoyambirira. Diso linalo aliyezenso atalithira mankhwala okulitsa kamwanadiso, popeza nalonso limatha kukhala ndi timalo tong'ambika tosamveka ululu.