Ndodoyo apatseni eni mudzi ajambule okha

Achemwali, mwati bungwe lanu lakutumani kukachita kafukufuku kumudzi pulojekiti ya mijigo ndi ulimi wamthirira isanayambe, ndiye mukufunsa ngati mafomu a mafunso aja ndi okwanira. Ntchito imeneyi ndaiyendapo ndithu, mundilole nditalikitseko.

Fomu siyoipa koma mafunsowo munalemba ndinu muli muofesi, ndiye munthu amangoyankha zomwe mwafunsazo basi, zomwe simunaziganizire sizituluka. Komanso anthu akangoona galimoto yolembedwa pachitseko amadziwiratu yankho lomwe mukufuna. Ambirife timagwiritsa ntchito njira ija amati PRA (Participatory Rural Appraisal), yoti eni mudzi aziunika okha za mudzi wawo, inafala cha kumayambiriro kwa ma 1990 ndipo amene anailimbikitsa kwambiri ndi Robert Chambers wa ku Institute of Development Studies ku Sussex. Mfundo yake yomwe ine sindiiwala ndi yoti ndodo yolozera ija uipereke kwa eni mudzi, iwe ukhale pansi uzimvetsera.

Ndinaziona ndi maso mudzi wina ku Dedza. Komiti inali itasankha kale malo a mjigo, pafupi ndi bwalo la amfumu, ife tinangobwera kuti titsimikize. Tinapempha abambo ajambule mapu a mudzi pansi paokha, amayinso paokha kuseri kwa tchalitchi, phulusa ngati mitsinje, miyala ngati nyumba, masamba ngati madimba. Abambo anajambula msewu, bwalo la mpira, madimba, zinatha msanga. Amayi anatenga nthawi, akukangana, wina kufufuta ndi phazi wina kujambulanso, mpaka gogo wina analanda kamtengo nkulemba kamtsinje kodula mudzi pakati komwe pamapu a abambo panalibe, nkuti kameneka kakadzaza mu Januwale ife a tsidya lino sitiwoloka ndi ndowa pamutu, tibwerera kuchitsime chathu chomwechija. Nyumba zambiri zinali tsidya limenelo. Pafomu yathu panalibe funso la kamtsinje, tikanakumba mjigo pamalo olakwika tili ndi ma signature onse.

Nchifukwa chake ndimati magulu muziwagawa, amayi, abambo, achinyamata, ndipo olumala ndi okalamba omwe sangafike pabwalo muwatsatire kunyumba. Mayi sangatsutse amfumu kapena apongozi ake pagulu, angowomba m'manja koma mumtima zili zina. Izi sizikutanthauza kuwadumpha amfumu ayi, yambirani kwa agulupu ndi a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, chikhalireni lamulo la maboma ang'ono la 1998 chitukuko chimayenera kudzera ku VDC ndi ADC, yomwe ndi komiti ya chitukuko ya dera lonse, ndipo midzi yambiri ili ndi pulani yawo ya chitukuko kale, ija amati Village Action Plan, ipempheni muione musanawafunsenso zomwe anayankha kale kwa ena.

Posankha vuto lalikulu musamati kwezani manja, aliyense amayang'ana kaye dzanja la wamkulu. Jambulani mavutowo pansi, aliyense mumpatse njere za chimanga khumi aziika yekha pomwe pakumupweteka kwambiri, osadziwa kulemba nayenso amaponya bwinobwino. Kenako afunseni chifukwa chake, nkhani yeniyeni imatulukira pamenepo osati pa kuwerenga njerezo. Chitaninso kalendala ya chaka, miyezi ya njala, ya ganyu, ya malungo, nthawi yomwe dambo limauma. Pa zamthirira izi nzofunika zedi chifukwa mutha kupeza kuti miyezi yomwe mukufuna anthu akumbe ngalande ndi yomwe osaukitsitsa ali kuganyu, ndiye sikimu imathera m'manja mwa omwe ali nazo kale. Mukatero yendani nawo wapansi kudula mudzi wonse, zomwe ananena pabwalo muzione nokha, ndipo funsani munda wa kudambowo ndi wa ndani.

Zoti alimi angakhale ofufuza okha si nkhambakamwa. Ku Ekwendeni pulojekiti ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba mu 2000 ndi gulu la alimi ofufuza omwe ankayesa nandolo, mtedza ndi soya m'minda mwawo, ndipo m'kukambirana momwemo zinaoneka kuti kadyedwe ka mwana sikali m'manja mwa mayi yekha, agogo ndi abambo ali ndi mawu, ndiye anayamba kuwaitana nawonso. Community Score Card ija mayiko ambiri akugwiritsa ntchito pano inayambira konkuno ndi a CARE Malawi mu 2002, idzakuthandizani mijigo ikayamba kugwira ntchito, anthu azipereka okha mamalikisi pamaso pa opereka chithandizo.

Za alawansi nenani poyera tsiku loyamba ngati ilipo kapena palibe, ndipo musalonjeze chomwe bajeti yanu ilibe. Tsiku la msika musaitanitse msonkhano, maliro akagwa imikani zonse mukakhale nawo pasiwa.

Chomwe chimandiwawa ine ndi ichi, timawatayitsa anthu tsiku lonse, kujambula mapu awo pafoni, kukalemba lipoti mu Chingerezi, osabwereranso. Inu mukamaliza kulemba bwererani mukawawerengere m'Chichewa pabwalo lomwelo akonze pomwe mwalakwitsa, mapuwo akopereni papepala lalikulu limodzi litsale ndi a VDC. Mwati mukupita boma liti kodi? Ngati ndi kwa Ayao kapena kumpoto pezeranitu wotsogolera zokambirana wolankhula chiyankhulo chakonko, makamaka wamkazi wa gulu la amayi lija.