Maluwa ofatsa si maluwa odwala

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Lilongwe amene angolowa kumene m'nyumba yawoyawo. Akufuna pakhomo pakhale maluwa a mitundu yofatsa yokhayokha: pinki wotumbuluka, pepo wopepuka, buluu wa kamtambo, oyera ndi a kirimu. Apongozi awo atamva akuti anangoti, "Amenewo ndi maluwa a kumanda," ndipo bambo a kunyumba akuti padzuwa la kuno sadzaoneka n'komwe. Ndiye akufunsa ngati n'zotheka kapena angozisiya.

Achemwali, musazisiye. Koma ndisanafike pa zoti mubzale, mundilole nditulutse kaye zakukhosi, chifukwa mawu ngati a apongozi anuwo ndinawamvapo ndi makutu angawa, ndipo mpaka lero amandiwawa.

Ine ndinakulira ku Zomba, m'munsi mwa phiri, m'manja mwa mayi anga aakulu. Kuseri kwa nyumba yawo, pomwe madzi a padenga ankagwera, panali ma hydrangea. Mitu yake ikuluikulu, ya buluu wozizira, ina yopendekera ku pepo. Sankawathira kanthu kupatula masamba owola ndi zotsalira za tiyi. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti duwa limenelo ndi la buluu basi. Ndinadzamva nditakula kuti mtunduwo umachokera pansi: dothi likakhala la asidi wambiri, monga la kumapiri kuja ndi la m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, chomeracho chimayamwa aluminiyamu n'kutulutsa buluu, pomwe pa dothi la laimu chomera chomwecho chimatulutsa pinki. Maso anga anakulira pa mitundu imeneyo, pansi pa mitengo, mu nkhungu ya m'mawa.

Nditakwatiwa n'kubwera ku Lilongwe ndinapeza dziko lina. Nyumba ya lendi, bwalo losesedwa bwino, dothi lake psuu, ndi mtengo umodzi waukulu wa mango pakona. Hydrangea sangapirire Okutobala wa ku Lilongwe pokhapokha uzimuthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo bilu ya madzi sikanandilola. Ndiye ndinafunafuna zina. Ndinapempha timitengo ta plumbago kwa mayi wina wa kutchalitchi, ndinazula timbande ta periwinkle tomwe tinamera tokha m'mbali mwa ngalande, n'kugula brunfelsia wa m'chubu kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu. Zonsezo ndinazindandalika mozungulira mthunzi wa mango uja.

Zitayamba kuchita maluwa kunabwera alamu anga kuchokera ku Kasungu. Anaima, manja kumbuyo, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Alamu, maluwa anuwa akudwala. Bwanji osawathirako ka urea?" Sankanyoza ayi, ankandimvera chisoni zenizeni. Apo m'pamene ndinaona pomwe pagona nkhaniyi. Ife diso lathu ndi la kumunda. Chimanga chikatumbuluka ndiye kuti chili ndi njala. Nkhwani ukachita chikasu ndiye kuti watha. Mwana akatuwa timathamangira naye kuchipatala. Chathanzi kwa ife chimakhala biriwiri kapena psuu, choti ngakhale wodutsa pamsewu achione. Munthu wobzala dala duwa lotumbuluka anthu sangamumvetse. Apongozi anu sakudana nanu, achemwali, akuona ndi diso lomwe ladyetsa banja zaka zonsezi. Koma diso limenelo likafika pa maluwa limalakwitsa, ndipo ndilibe manyazi kunena choncho.

Za kumandazo ndiye zimandipsetsa mtima mwa njira ina. Inde, frangipani ndi periwinkle mumazipeza kumanda. Chifukwa chake n'chakuti zimatha kukhala kuyambira Meyi mpaka Novembala popanda wozithirira, koma osafa. Kumeneko n'kulimba, ndipo ndi kulimba komwe pakhomo pa munthu wa ku Lilongwe pakufunika. Komanso tayendani m'midzi ya m'chigawo chapakati muone. Pomwe patsala kankhalango ka mitengo yachilengedwe, mombo, muwanga, msuku, nthawi zambiri ndi pamanda. Kwina konseko tinagwetsa. Akufa tawasiyira mthunzi, amoyofe tikupsa pa mtetete, kenako tizinena kuti chilichonse chozizira m'maso n'cha kumanda?

Periwinkle yemweyo, kaduwa ka pinki kapena koyera komwe timakaponda popita kukataya zinyalala kudzala, kwawo ndi ku Madagascar. M'masamba ake ndi momwe asayansi anapeza mankhwala a vinblastine ndi vincristine, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960. Vincristine ndi amodzi mwa mankhwala omwe madokotala amathandizira ana odwala khansa, kuphatikizapo Burkitt lymphoma, ija imatupitsa nsagwada, yomwe yazunza ana ambiri kuno kwathu. Sindikuti muwiritse masamba ake, ndi poizoni, musayerekeze n'komwe. Ndikungoti duwa lomwe lapulumutsa ana a anthu lisamatchulidwe ndi dzina la manda.

Tsono bambo a kunyumbawo ali ndi mfundo, ndipo ndinaiona ndi maso. Chaka china mu Seputembala eni nyumba anatumiza anyamata ndi nkhwangwa kudzagwetsa mango uja, ati masamba akuwononga malata. Ndinachonderera, ndinati padengapo tizisesapo tokha, koma nyumba ya eni ndi ya eni. Ndinaima pakhonde mtengo ukugwa, mtima ukuwawa. Pofika Okutobala maluwa omwe aja, pamalo omwewo, masana ankaoneka ngati chitenje chomwe chaiwalika pachingwe chilimwe chonse. Plumbago sanafe, periwinkle sanafe, brunfelsia yekha ndiye anapserera masamba. Chinatha ndi mtundu. Buluu uja anangoti mbuu, pinki osadziwika kuti ndi pinki kapena fumbi.

Ndi dzuwa limachita zimenezi. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa equator, ndipo kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Febuluwale, dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni. Ku England, komwe kabzalidwe kameneka kanatchukira, ngakhale pakati pa Juni dzuwa silifika paliwombo (pomwe ndi madigiri 90), silikwera kupitirira madigiri 62 ku London, ndipo masiku ambiri limawala kudzera m'mitambo. Gertrude Jekyll, mayi amene dzina lake silisowa pa nkhani yosanja maluwa potsata mitundu, anabadwa mu 1843 n'kumwalira mu 1932. Poyamba ankajambula zithunzi ndi utoto, maso atayamba kumuvuta n'kuika mtima wonse pa minda ya maluwa, makamaka wake wa ku Munstead Wood, ku Surrey. Mitundu yake ankaiyesa pa kuwala kwa kumeneko. Ndipo pali chinthu chomwe okopera zithunzi za pa tsamba la intaneti la Pinterest sachidziwa: mu mzere wake wautali wa maluwa, ofatsawo ankawaika kumathero konse kuwiri, pakati n'kuikapo ofiira ndi a olenji owala kwambiri. Duwa lofiira sankaliopa. Nawo munda wa maluwa oyera wotchuka wa ku Sissinghurst, ku England komweko, womwe mlembi wa mabuku Vita Sackville-West anabzala cha m'ma 1950, uli m'kati mwa mipanda ya zitsamba zobiriwira moderako. Oyerawo amaoneka chifukwa kumbuyo kwawo kuli kodera.

N'chifukwa chake ndimatopa ndikamaona anthu akugwetsa mtengo uliwonse pa poloti, kuthira simenti bwalo lonse mpaka kugeti, kupaka mpanda laimu kuti mbee, kenako n'kumanena kuti maluwa ofatsa sachita ku Malawi. Pamenepo sangachitedi. Ngakhale munthu sangakhalepo masana. Tikudzimangira ng'anjo ndi manja athu, mawa n'kukagula mafani. Ena amati mitengo imaitana njoka. Njoka imatsata makoswe ndi achule, ndipo makoswe amatsata dzala ndi matumba a chimanga. Konzani dzala lanu, mtengo muusiye. Mzinda womwewu mu Seputembala ndi Okutobala umadzaza ndi pepo wa jacaranda, aliyense foni m'mwamba kujambula, ndipo sindinamvepo wina akunena kuti mitengo imeneyo ikudwala.

Pali funso linanso lomwe sitidzifunsa: maluwawo tikubzalira ndani? Nthawi ya 12 koloko inu muli kuntchito, kapena mwabisala m'nyumba kuthawa dzuwa. Pakhonde mumakhalapo m'mamawa ndi chakumadzulo, ndipo nthawi imeneyo ndi ya mitundu yofatsa. Katswiri wa ku Czech, Jan Purkyně, anafotokoza kale m'zaka za m'ma 1820 kuti kuwala kukamachepa, diso la munthu limaona zofiira zikuda, pomwe za buluu ndi zobiriwira zimaoneka zowala. Tayesani nokha. Ikamakwana 6 koloko madzulo bougainvillea wofiira amakhala atada bii, koma plumbago ndi frangipani woyera amaonekabe mpaka mdima utagwiratu, ndipo fungo la frangipani limakula usiku. Ine ndinasankha kubzalira maola omwe ndimakhala pakhomo, ndipo titapeza poloti yathuyathu chinthu choyamba kulowa pansi chinali mitengo, maziko a nyumba asanakumbidwe.

Nanga mubzale chiyani?

Yambani ndi mthunzi, maluwa pambuyo. Ngati pa poloti pali mtengo, usagwe. Ngati palibe, gliricidia yemwe alangizi amalimbikitsa m'minda ya chimanga uja amakula msanga, amaphuka ngakhale mutazika nthambi yodula, ndipo m'chilimwe amachita maluwa a pinki wotumbuluka. Bauhinia wa pinki kapena woyera nayenso ndi wabwino. Jacaranda akhale kutali ndi nyumba chifukwa cha mizu. Bedi la maluwa likhale chakum'mawa kwa nyumba kapena kwa mtengo, komwe dzuwa limawomba m'mawa, masana n'kukhala mthunzi.

Kenako yang'anani mpanda wanu. Pa njerwa zootcha pinki amaoneka walitsiro, choncho ikanipo buluu ndi oyera. Pa mabuloko a simenti otuwa aja pinki ndi pepo amakhala bwino. Mpanda woyera uyambe waphimbidwa ndi zitsamba zobiriwira. Dothi lofiira likwirireni ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, osagunditsa patsinde kuopa chiswe, chifukwa fumbi la Ogasiti limadetsa duwa loyera tsiku limodzi.

Kumbuyo ikani plumbago ndi brunfelsia. Brunfelsia duwa lake limatuluka la pepo, n'kumatumbuluka, pakapita masiku ochepa n'kuyera, moti chitsamba chimodzi chimakhala ndi mitundu itatu. Koma zipatso zake ndi zoopsa kwa agalu. Pakati agapanthus, pentas wa pinki ndi dietes. Kutsogolo periwinkle ndi tulbaghia, ka masamba onunkha adyo kaja. Cosmos mungofesa njere mu Januwale, adzakupatsani pinki ndi oyera mvula ikamatha. Mtundu uliwonse mubzale wambiri pamalo amodzi, chifukwa duwa lotumbuluka likakhala lokha silioneka. Lavender dzinja lathu limamuvuta, mizu imawola, ndiye akhale mu mphika wa dothi la mchenga. Lantana musamulole ngakhale akhale wa pinki wokongola chotani, amafalikira tchire lonse ndipo amadwalitsa ng'ombe. Oleander ayi ngati pakhomo pali ana.

Kwa anyamata a m'mphepete mwa msewu gulani chomera chomwe chili kale ndi duwa, muone mtundu ndi maso anu. Sikuti ndi abodza, koma machubu amasakanikirana, ndipo wa pinki ndi wofiira masamba ake ndi amodzimodzi. Mubzale mvula ikakhazikika mu Disembala, kuti mizu igwire ndi madzi aulere.

Apongoziwo musakangane nawo. Apatseni malo a kugeti, pomwe dzuwa limaswa tsiku lonse, abzalepo hibiscus wofiira, canna ndi bougainvillea momwe akufunira, ndipo muwapemphe kuti akusankhireni okha mbeu zake. Pamenepo ofatsa anuwo sakanachita ngakhale mukanawathirira katatu patsiku.