Kuwoloka nyanja kapena kuima doko ndi doko? Yankho kwa mayi amene anandilembera

Imelo yanu, amayi, ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinadzuka pampando n'kukaima kaye pawindo. Mwati chaka chamawa mukwanitsa zaka 30 muli m'banja ndipo mwagwirizana zokwera sitima yapamadzi. Pamene mwasemphana ndi apa: inu mukufuna kuwoloka nyanja ya Atlantic, sabata yathunthu osaona mtunda, pomwe abambo akunyumba akuti sangalipire kuti akayang'ane madzi, iwo akufuna sitima yoima doko ili lero, lina mawa. Mwafunsa kuti chabwino n'chiti.

Kwathu, amene ankalankhula ngati amuna anuwo ndinali ine.

Malemu amuna anga anali munthu wa mawu ochepa, koma mukangotchula sitima zakale, pakamwa pankatseguka. Ankadziwa pamtima kuti Britannia, sitima ya Samuel Cunard, inanyamuka ku Liverpool mu Julayi 1840 kulowera ku Halifax ndi ku Boston. Ankafotokoza ngati analipo momwe sitima yotchedwa United States inawolokera mu 1952 m'masiku 3, maola 10 ndi mphindi 40, komanso momwe ndege za jeti, zitayamba kuwoloka nyanjayi mu 1958, zinatengera anthu onse mpaka sitima zikuluzikulu zija n'kuyamba kuyenda ndi zipinda zopanda anthu. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi: kukwera ku Southampton, doko la ku England, n'kukatsikira ku New York. Ine ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali kwina. Tsiku losankha ulendo litafika ndinawauza mawu omwewo amene inu mwauzidwa, akuti madzi ndi madzi basi, ukawaona tsiku limodzi wawaona onse. Iwo sanatsutse. Tinakwera ya ku Mediterranean, masiku 7, madoko 6: Barcelona, Marseille, Livorno, Civitavecchia, Naples ndi Palma.

Pali zinthu zimene kabuku kotsatsira ulendo kamalemba ndi zilembo zing'onozing'ono. Pamwamba pamalembedwa Rome, koma Rome sali m'mbali mwa nyanja. Sitima imakocheza ku Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzindawo, ulendo woposa ola limodzi popita ndi linanso pobwerera. Pamalembedwa Florence, koma doko lake ndi Livorno, ndipo nkhani yake ndi yomweyo. Sitima imafika m'mamawa, imanyamuka madzulo, ndipo pamakhala nthawi yoikika yoti aliyense akhale atalowa. Mukachedwa muli panokha, sikudikirani. Ndiye mukachotsa nthawi ya pamsewu, ya pamzere ndi ya mantha, Rome yense mumamupatsa maola 5 kapena 6. Tsiku lililonse tinkadzutsidwa ndi alamu ngati tikupita kuntchito, kudya mothamanga, kukaima pamzere wotulukira, ndipo diso langa silinkachoka pawotchi.

Tsiku la ku Rome silindichoka m'mutu. Amuna anga anali ndi bondo lovuta. Tinaima pamzere wolowera m'tchalitchi cha St Peter's dzuwa likuswa mtengo, titalowa ine ndinali nditayamba kale kuwerengera nthawi yotulukira. Iwo anafuna kukhala pansi pang'ono kuti ayang'ane denga lija bwinobwino, ine n'kuwakoka dzanja chifukwa Colosseum, bwalo lakale lamasewera la Aroma, inali isanaonedwe. Tinaiona tili panja, n'kuijambula, n'kuthamangira kusiteshoni. Sitima yapamtunda inachedwa, ndipo chigawo chomaliza cha kudoko tinachiyenda mothamanga, iwo akutsimphina pambuyo panga osadandaula. Usiku umenewo, atakhala pabedi akusisita bondo lija, anandifunsa mofatsa, mosanyoza: “Kodi mayi, lero taona chiyani?” Ndinatsegula foni kuti ndiwaonetse zithunzi. Pamene ndinkatsegula foniyo m'pamene ndinazindikira kuti popanda zithunzizo ndinalibe choyankha.

Ndinawalonjeza kuti ulendo wotsatira udzakhala wawo. Chaka chamawa, ndinatero. Ndinanena mawu amenewo zaka zinayi zotsatizana, nthawi zonse pali chifukwa chooneka chomveka. Kenako matenda anabwera, ndipo kuwoloka kuja sanakuone.

Ndinadzawoloka patapita zaka ziwiri tiwaikire m'manda, ndili ndi mng'ono wanga, pa sitima yotchedwa Queen Mary 2. Sindinakwere chifukwa choti ndinali nditasintha maganizo, ndinakwera ngati munthu wokabweza ngongole. Tinatuluka mu Southampton madzulo, chilumba cha Isle of Wight chikudutsa pambali, ndipo kutacha mtunda unali utatha. Tsiku lachiwiri linandivuta, sindingakunamizeni. Thupi linkafunafuna chochita, ndinkadzuka n'kukhalanso, kutsegula foni n'kuitsekanso. Munthu amene wazolowera kuthamanga, akampatsa tsiku lopanda pothamangira, amayamba wasokonezeka. Koma tsiku lachitatu china chake chinamasuka m'kati mwanga. Ndinagona masana popanda kudziimba mlandu. Ndinatenga buku mulaibulale ya m'sitimamo, imene ili kutsogolo ndipo mawindo ake ayang'ana kunyanja, n'kuliwerenga mpaka kumapeto, chinthu chimene ndinali ndisanachite kwa zaka.

Ndipo zoti madzi ndi madzi basi, ndinanama. M'mawa wina anali akuda bii, mafunde ataliatali akubwera mwandondomeko ngati mapiri oyenda. Tsiku lina anali osalala, a mtundu umene sindinauonepo pansalu iliyonse. Titayandikira Grand Banks, kufupi ndi Newfoundland, nkhungu inatikuta moti kutsogolo kwa sitima sikunkaoneka, ndipo lipenga lake linkalira mobwerezabwereza usiku wonse, kulira kwakuya kumene kumamveka m'chifuwa. Masana aliwonse 12 koloko kaputeni ankalengeza pamene tafika, kuya kwa madzi pansi pathu ndi mtunda umene watsala. Pali khonde lozungulira sitima yonse, ndipo mukalizungulira katatu mwayenda pafupifupi makilomita 2. Ine ndi mng'ono wanga tinkaliyenda m'mawa uliwonse titafunda majekete, ndipo pakhonde pamenepo, tsiku lachinayi, m'pamene ndinalira maliro a amuna anga mmene ndinali ndisanalirirepo. Iye sanandiletse, tinangopitiriza kuyenda.

Kali kanthu kena kakang'ono kamene amuna anga ankakakonda kukanena. New York ali kumbuyo kwa Southampton ndi maola 5, ndiye mukamapita kumadzulo wotchi imabwezedwa ola limodzi usiku, kasanu pa ulendo wonse. Masiku asanu amakhala a maola 25. Pobwerera kum'mawa zimatembenuka, masiku amafupika n'kukhala a maola 23. N'chifukwa chake amene amadziwa amasankha kupita kumadzulo. Mumafika thupi litazolowera kale nthawi ya tsidya lija, osati ngati pandege pamene thupi limatsika koma tulo tatsalira kumene mwachokera. M'sitimamo mumakhalanso makola a agalu ndi amphaka, a anthu amene akusamuka ndipo safuna kuika chiweto chawo m'ndege. Ndinkapita kukawaona madzulo akuyendetsedwa pamalo awo, ndipo ndinacheza ndi eni ake, anthu amene sanali pa tchuthi ayi, ankapitadi kwinakwake kukayamba moyo wina.

Tsiku lomaliza tinadzuka kusanache n'kukwera pamwamba. Sitima inadutsa pansi pa mlatho wa Verrazzano, polowera ku New York, chumuni chake chikuoneka ngati chikhudza, anthu onse ali chete kenako n'kuwomba m'manja. Kumanzere kunaoneka chiboliboli chachikulu cha Statue of Liberty chili ndi nyali zake, ndipo tinakocheza ku Brooklyn dzuwa likutuluka. Makilomita oposa 5,000 ndinali nditawamva m'thupi, tsiku ndi tsiku. Ndinadziwa kukula kwa nyanja ija mmene ndege singakuphunzitsire.

Pamene ndimayamba kulemba ndimaganiza kuti ndikuuzani zimene aliyense amanena, zoti zonse n'zabwino, zimangotengera munthu. Ndafika pano ndaona kuti sindingathe kunena zimenezo, chifukwa sindizikhulupirira. Kuima doko ndi doko, makamaka m'mizinda ikuluikulu, sikuona malo ayi, n'kungowakhudza. Mumabwerako ndi mndandanda wa mayina oti muzitchula pagulu, koma mzinda umadziwika madzulo, anthu ake akaweruka kuntchito n'kukhala panja, ndipo nthawi imeneyo inu muli kale m'sitima mukuuona ukuchepa kumbuyo. Amuna anu akuti akufuna kuona maiko, ndipo chilakolako chimenecho n'chabwino, koma ngati akufunadi Rome, apite ku Rome akagoneko masiku anayi.

Ndipo tisaiwale eni mizindayo. Ku Santorini, chilumba cha ku Greece, sitima zikuluzikulu sizifika pagombe, zimaima panyanja, anthu n'kumatengedwa pamaboti, kenako onse n'kukaunjikana pamzere wa ngolo zokwera phiri kupita ku Fira. Zikafika zingapo tsiku limodzi, tinjira topapatiza tija timadzaza moti mwini mudzi amalephera kudutsa pakhomo pake. Ku Venice boma la Italy linafika poletsa, kuyambira mu Ogasiti 2021, sitima zoposa matani 25,000 kudutsa mu ngalande ya Giudecca, anthu atadandaula kwa zaka zambiri. Ine ndinakhalapo mmodzi wa anthu masauzande amene amatsika nthawi imodzi, kudzaza msewu maola ochepa, n'kubwerera kukadya m'sitima. Zimandipweteka ndikakumbukira.

Sindikukana kuti pali malo amene sitima yoimaima ndiyo njira yabwino koposa. Mafiyodi a ku Norway, malo amene nyanja imalowa kumtunda pakati pa mapiri, monga Geiranger, kukongola kwake kumaonekera pamadzi, ndipo gombe la Alaska lili ndi matauni ngati Juneau amene simungafikeko pamsewu. Kwa munthu wachikulire kapena wolumala amene sangakwanitse kunyamula masutikesi kuchoka hotela ino kupita ina, chipinda chimodzi chimene chimayenda naye ndi mdalitso weniweni. Koma amenewo ndi maulendo amene nyanja ndi gombe ndizo nkhani yake, osati kuthamangitsana ndi basi.

Za mseru, poti mwazitchula

Mwati mukuopa kudwala panyanja. Mseru umabwera chifukwa m'kati mwa khutu mukumva kugwedezeka pomwe maso akuona chipinda chili chilili, ubongo n'kusokonezeka. N'chifukwa chake kutuluka panja n'kuyang'ana kumene nyanja yakumana ndi thambo kumathandiza kuposa kudzitsekera. Sankhani chipinda chapakati pa sitima, chapansi, chifukwa kutsogolo ndi pamwamba ndi kumene kumavina kwambiri. Sitima zamasiku ano zili ndi mapiko a pansi pa madzi ochepetsa kupendekera uku ndi uku, ngakhale kuti kukwera ndi kutsika kwa kutsogolo sakuthetsa. Kumpoto kwa Atlantic kumalusa m'miyezi yozizira ya kumeneko, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndiye ulendo woyamba upangeni pakati pa chaka.

Apa ndiyenera kunenanso kuti Queen Mary 2 si yofanana ndi sitima zina zija. Inamangidwa ku Saint-Nazaire ku France, n'kuyamba ntchito mu Januwale 2004, ndipo anaimangira nyanja yolusayo: yaitali mamita 345, yosongoka kutsogolo, yolowa kwambiri m'madzi, ya zitsulo zochindikala. Zambiri zoyendera madoko zimamangidwa ngati nyumba zosanjikizana zoyandama, zoyenera madzi ofatsa. Amuna anga ankaumirira kwambiri pa kusiyana kumeneku, ndipo ndinadzakumvetsa usiku wina mafunde atakula, mbale zili phee patebulo.

Tsono chochita chanu, mwachidule. Chaka chilichonse cha mu Okutobala ndi Novembala sitima zambiri zimasamuka ku Mediterranean kupita ku Caribbean, n'kubwereranso cha mu Malichi ndi Epulo. Ulendo wotere umatenga pafupifupi masabata awiri, umadzera kum'mwera kofunda, umaima madoko angapo monga Funchal ku Madeira kapena Tenerife, kenako masiku 6 kapena 7 nyanja yokhayokha. Abambo apeza madoko awo, inu mupeza nyanja yanu. Kumbukirani kuti mumatsikira tsidya lina, ndiye pafunika tikiti ya ndege yobwererera, komanso muonetsetse za maviza a maiko onse amene sitimayo iime musanalipire. Akakana zimenezinso, awerengereni ndime ija ya bondo ku Rome, ndipo muwauze kuti ine ndati ulendo uno ukhale wanu, chaka chomwechi chimene mwakonza, madokowo adzawaona ulendo winawo.